Galimoto yamagetsi m'dziko la chisanu: kumene mayunitsi amapita, ndi mmene mungawatetezere

Ku Norway, pa magalimoto 100 aliwonse atsopano amene anagulidwa mu 2024, pafupifupi 89 anali oyendera magetsi okhaokha, ndipo imene inagulidwa kwambiri inali Tesla Model Y. Limeneli ndi dziko limene kumpoto kwake dzuwa limatha milungu osatuluka, misewu n'kukhala yokutidwa ndi chipale chofewa miyezi ingapo. Choncho funso loti kodi galimoto yamagetsi imayenda m'chisanu linayankhidwa kale. Imayenda, ndipo m'mawa wozizira kwambiri imadzuka mosavuta kuposa ya dizilo. Chimene chimagwiritsa anthu mwala n'china. Munthu amagula galimoto m'chilimwe, ikumulonjeza makilomita 450, koma January akafika imamupatsa 300, ndipo tchaja imene inkamaliza ntchito m'mphindi 20 imamusunga ola lathunthu. Ambiri amayamba kuganiza kuti anawagulitsa batire lakufa, pamene batirelo lili bwinobwino.

Magalimoto amene tikunena pano ndi amene amatchedwa crossover, otukuka pang'ono ngati SUV koma opangidwira banja ndi msewu wa phula: Model Y, Volkswagen ID.4, Skoda Enyaq, Hyundai Ioniq 5, Kia EV6, Nissan Ariya ndi anzawo. Ambiri amalemera pafupifupi matani awiri, ndipo batire lawo lili pansi pa mipando, lotenga pakati pa 60 ndi 80 kWh. Kwa amene munazolowera mita ya magetsi ogula pasadakhale, kWh imodzi ndi yuniti imodzi imene ija. Ndiye tiziwerengera m'mayunitsi.

Nkhani yonse yagona pa kutentha. Munthu wokhala m'galimoto amafuna kutentha, batire nalo limafuna kutentha, ndipo kutenthako kumagulidwa ndi mayunitsi. Funso limene muyenera kumadzifunsa tsiku lililonse n'lakuti mayunitsiwo achokera kuti, pakhoma la nyumba kapena m'batire.

Hita ndi imene imadya kwambiri

Injini ya petulo ndi yowononga. Pa malita atatu aliwonse, pafupifupi awiri amangosanduka kutentha, ndipo kutentha kotayikako n'kumene kumakufunditsani mwaulere. Mota yamagetsi sitaya mphamvu chotero, ndiye ilibe chokupatsani. Kutentha konse kwa m'galimoto kuyenera kupangidwa dala. Hita yamagetsi wamba, ikamayamba kufunditsa galimoto imene yagona panja, imakoka makilowati 5 mpaka 7 (kilowati imodzi ikakokedwa kwa ola limodzi ndi yuniti imodzi). M'kati mukafunda imatsika n'kumakoka 1 mpaka 3, malinga ndi mmene kunja kwazizirira.

Bungwe la oyendetsa magalimoto la ku America, AAA, linayesa magalimoto amagetsi asanu mu 2019 pa kuzizira kwa -7°C. Hita itazimitsidwa, mtunda umene ankatha kuyenda unatsika ndi 12 peresenti. Hita itayatsidwa, unatsika ndi 41 peresenti. Manambala awiriwa akusonyeza poyera kuti gawo lalikulu la vutoli si batire ayi, koma kufunditsa anthu.

Kumene hita imapweteka kwambiri ndi pa maulendo afupiafupi. Tiyerekeze ulendo wa makilomita 8 m'tauni, wa mphindi 15. Kuyendetsa matayala kumatenga pafupifupi yuniti imodzi ndi theka. Hita yokoka makilowati 5 kwa mphindi 15 imatenga yuniti imodzi ndi kota. Ndiye kuti ulendowo wadya pafupifupi kawiri zimene ukanadya m'chilimwe. Mukaima ola limodzi, galimoto imazizira, ndipo ponyamuka mumalipiranso. Abale athu amene ali ku Britain pa ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, amene tsiku lonse amayenda khomo ndi khomo, ndi amene amakumana ndi zimenezi kwambiri. Makilomita a tsikulo amakhala ochepa, koma galimoto yafunditsidwa kakhumi. Pa ulendo wautali mtengo wofunditsa koyamba uja umalipiridwa kamodzi kokha, n'chifukwa chake kadyedwe ka pa kilomita kamaoneka kabwinoko.

Apa m'pamene heat pump imathandiza. Makina ake ndi a mtundu umodzi ndi a m'firiji: sapanga kutentha, amangokusamutsa, kukuchotsa mumpweya wa panja, m'mota ndi m'batire, n'kukulowetsa m'galimoto. Kunja kukakhala pakati pa -5°C ndi 10°C, yuniti imodzi ingakupatseni kutentha kwa mayunitsi awiri kapena atatu. Kukazizira kupitirira -15°C phindu lake limachepa chifukwa mumpweya mulibe zambiri zotola, ndipo galimoto imabwerera ku njira yodya magetsi ambiri. Kwa munthu wa ku England, Scotland kapena Ireland, kumene nyengo yozizira imazungulira pafupi ndi ziro, heat pump ndi chinthu choyenera kuchifunafuna. Kwa wa ku Winnipeg kapena Edmonton ku Canada imathandizabe masiku ambiri, koma pa sabata ya -30°C musaiyembekezere zozizwitsa. Model Y ili nayo kuyambira pamene inayamba kupangidwa. Pa ID.4 ndi Enyaq, m'misika yambiri ya ku Ulaya, inali yowonjezera yolipira padera, ndiye magalimoto awiri ooneka ofanana akhoza kusiyana pamenepa.

Chotsika mtengo kwambiri ndi kufunditsa thupi m'malo mwa mpweya. Mpando wotenthetsa ndi chiwongolero chotenthetsa, zonse pamodzi, sizifika ngakhale kota ya kilowati imodzi. Yatsani zimenezi, hita muiike pa 18 kapena 19°C m'malo mwa 23, ndipo ngati muli nokha gwiritsani ntchito batani lofunditsa mbali ya dalaivala yokha, limene Hyundai ndi Kia ali nalo. Koma musazimitse hita mpaka magalasi kuchita nthunzi. Makilomita 10 opulumutsidwa sangalipire ngozi ya munthu amene sakuona msewu. Nthunziyo imachokera mu mpweya wanu, m'majekete onyowa ndi chipale chosungunuka pamakapeti, ndipo imachuluka mukatseka mpweya wa panja kuti wa m'kati uzingozungulira. Siyani AC yoyaka, chifukwa ndi imene imaumitsa mpweya.

Zimene zimachitika m'kati mwa batire

M'selo iliyonse ya batire, tinthu ta lithium timayenda kuchokera mbali imodzi kupita ina kudzera m'madzi apadera otchedwa electrolyte. Zimenezi zimayenda bwino pakati pa 20 ndi 30°C. Kukazizira madziwo amalemera ngati uchi m'mawa wa June ku Dedza, ndipo tinthu tija timayenda mokokakoka. Mphamvu ina imakhala ngati yatsekeredwa: ilipo, koma simungaitape mpaka batire litafunda. Tesla imaonetsa kachizindikiro ka chipale pafupi ndi mulingo wa batire, magalimoto ena amaonetsa kachithunzi ka kamba kusonyeza kuti mphamvu yachepetsedwa. Mulingo ukatsika ndi maperesenti awiri kapena atatu usiku umodzi wozizira, kawirikawiri magetsiwo sanatayike, amabwerera batire likatentha.

Choopsa chenicheni ndi kulowetsa magetsi ambiri m'selo yozizira. Lithium akalephera kulowa msanga m'malo mwake, amaundana pamwamba ngati chitsulo, ndipo amene waundanayo sabwereranso yense. Batire limachepa mphamvu mpaka kalekale, ndipo zikanyanya selo ikhoza kuwonongeka m'kati. Pofuna kupewa zimenezi, kompyuta yoyang'anira batire imachepetsa dala magetsi olowa. Tchaja ikamakupatsani makilowati 40 m'malo mwa 150, kawirikawiri si tchajayo imene yafooka. Ndi galimoto yanu imene ikukana kulandira zambiri, ndipo ikuchita bwino kutero.

Chifukwa chomwecho n'chimene chimachepetsa regen, njira imene mota imabweza magetsi m'batire mukachotsa phazi pa moto. M'mawa wozizira, kapena batire likadzaza 100 peresenti, galimoto imene munazolowera kuti imadziletsa yokha imangopitirira. Amene anazolowera kuyendetsa ndi phazi limodzi ayenera kukumbukira zimenezi asanafike pamphambano yoyamba.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: batire limalemera makilogalamu 400 mpaka 500. Chinthu cholemera chotero chimatenga maola ambiri kuti chizizire, ndiponso chimachedwa kufunda. M'galimoto mukhoza kukhala mofunda mutavula jekete, batire pansi panu lidakali pa ziro. Kuyenda pang'onopang'ono m'tauni sikulitenthetsa kwenikweni.

Koma kuzizira pakokha sikukalambitsa batire. Chimene chimalikalambitsa ndi kutentha kwambiri ndi kuligoneka lili lodzaza. Malire alipo, inde: buku la Tesla limachenjeza kuti galimoto isakhale pa kuzizira kopitirira -30°C kwa maola oposa 24. Kumalo kotero galimoto izigona itamangidwa kumagetsi kuti izidzifunditsa yokha.

Kuwerengera mtunda weniweni

Pamsewu waukulu pali zinanso zodya magetsi. Mpweya wa -10°C ndi wolemera ndi pafupifupi 11 peresenti kuposa wa 20°C, ndipo crossover, pokhala yaitali, imakankha mpweya wambiri kuposa galimoto yogona. Matayala a m'nyengo yozizira amakoka pang'ono. Msewu wonyowa kapena wa chipale chosungunuka umakoka kwambiri, chifukwa tayala lililonse likukankha madzi. Bokosi la katundu la padenga limawonjezera pa zonsezi.

Bungwe la NAF la ku Norway pamodzi ndi magazini ya Motor amachita mayeso otchedwa El Prix. Magalimoto amanyamuka ku Oslo ali odzaza, kulowera kumpoto cha ku Lillehammer ndi Dombås, n'kuyenda mpaka kuima okha. Pa mayeso a nyengo yozizira a 2020, magalimoto 20 anaperewera ndi pafupifupi 18.5 peresenti poyerekeza ndi mtunda wolembedwa m'mabuku. Dziwani kuti misewu imeneyo liwiro lake ndi lochepa. Pa motorway ya ku Britain, pa 70 mph amene ndi makilomita 112 pa ola, kupereweraku kumakula.

Werengerani chonchi. Galimoto ya mayunitsi 77, ikamadya 18 pa makilomita 100 m'chilimwe, imayenda pafupifupi makilomita 430. M'chisanu pamsewu waukulu ikhoza kudya 24 kapena kuposa, ndiye ndi makilomita 320. Komatu pa ulendo simuyamba pa 100 n'kuthera pa ziro. Pa tchaja ya pamsewu mumanyamuka pa 80 peresenti, ndipo mumafuna kufika potsatira muli ndi 10 kapena 15. Ndiye muli ndi 70 peresenti ya 77, amene ndi mayunitsi 54, ndipo pa kadyedwe ka 24 amenewa ndi makilomita 225. Nambala imeneyi, osati ya pa chikwangwani cha wogulitsa, ndi imene muyenera kuiyerekeza ndi maulendo anu musanagule. Ngati ulendo wanu wa sabata ndi sabata ukukwana m'menemo, galimotoyo ikuyenerani.

Mukaona kuti simufika, chida champhamvu kwambiri ndi liwiro. Kutsika kuchoka pa 120 kufika pa 100 kumapulumutsa zambiri kuposa kuzimitsa hita, chifukwa kukana kwa mpweya kumakwera msanga kwambiri liwiro likamakwera. Ndipo musakhulupirire kwambiri nambala ya makilomita otsala ya pa dashibodi. M'magalimoto ambiri imawerengera kuchokera pa mmene munayendera posachedwapa. Yang'anani peresenti, ndiponso peresenti imene mapu a galimoto akunena kuti mufika nayo.

Kutchaja kunyumba

Amene ali ndi potchajira pakhomo, theka la mavuto onsewa salidziwa n'komwe. Ku Britain tchaja ya pakhoma imapereka makilowati 7.4, ku Norway ndi Germany 11 ndi yofala, ku Canada ndi America ya 240 V imapereka 7 mpaka 11. Kuchoka pa 20 kufika pa 80 peresenti pa batire la mayunitsi 77 ndi mayunitsi 46, pafupifupi maola 7 pa 7.4 mukawerengera ndi otayika m'njira. Usiku umodzi ukukwana.

Soketi wamba ndi nkhani ina. Ya ku Britain imapereka makilowati 2.3, ya 120 V ya ku Canada 1.4 yokha. Pa kuzizira kwa -25°C gawo lalikulu la kamphamvu kameneka likhoza kuthera pofunditsa batire, m'mawa n'kupeza mulingo wangosuntha pang'ono. Ndipo musalumikize ndi chingwe chowonjezera cha m'nyumba. Magetsi okokedwa maola khumi osalekeza amatenthetsa pulagi yofooka mpaka kusungunuka.

Ndondomeko yabwino ndi iyi. Mangani galimoto kumagetsi usiku uliwonse, ngakhale batire lisanatsike kwambiri. Ikani malire pa 80 peresenti pa masiku wamba, 100 pokhapokha ngati m'mawa mukunyamuka ulendo wautali. Kenako uzani galimoto nthawi yonyamukira, m'pulogalamu ya pafoni kapena pa sikirini yake. Idzayamba kufunditsa m'kati mphindi 20 mpaka 30 nthawiyo isanakwane, ndipo magalimoto ambiri amafunditsanso batire, zonsezi ndi magetsi a pakhoma. Ngati n'kotheka, konzani kuti kutchaja kuzitha pafupi ndi nthawi yonyamuka, chifukwa kutchaja pakokha kumasiya batire lofunda. Mukatero mumapeza magalasi atasungunuka, regen ikugwira, ndipo makilowati 6 a poyamba aja sanatuluke m'batire. Pa soketi wamba izi zimatheka pang'ono chabe: hita ikufuna 6, khoma likupereka 2, otsalawo akuchokabe m'batire.

Magalimoto ena, makamaka a batire laling'ono monga Model Y yotsika mtengo ya ku Ulaya, ali ndi batire la mtundu wa LFP. Limeneli ndi lolimba ndipo opanga amalangiza kulidzaza 100 peresenti kawirikawiri, mwina kamodzi pa sabata, kuti kompyuta iziwerenga mulingo molondola. Koma limamva kuzizira kwambiri kuposa la NMC, mtundu winawo wofala, ndiye kulifunditsa musananyamuke n'kofunika koposa.

Kwa amene amakhala m'mafulati, galimoto n'kumagona mumsewu, tinene mosabisa kuti moyo ndi wovutirapo ndipo ndi wodula. Ku Britain magetsi a pa tchaja ya pagulu amalipiritsidwa VAT ya 20 peresenti pamene a kunyumba ndi 5, ndipo mitengo yotsika ya usiku simuilawa. Ngati kuntchito kulibe potchajira, ndiponso mumsewu wanu mulibe, ganizani kawiri. Ngati galimotoyo muli nayo kale, lamulo lanu likhale loti muzitchaja madzulo pobwera, batire lidakali lofunda ndi ulendo, osati m'mawa litagona panja usiku wonse.

Tchaja yothamanga

Ioniq 5 ndi EV6 zimatha kuchoka pa 10 kufika pa 80 peresenti m'mphindi 18 pa tchaja ya makilowati 350, koma pokhapokha batire likhale lofunda, cha m'ma 25°C. Likakhala lozizira, nthawi yomweyo ikhoza kuchuluka kawiri kapena katatu. Mankhwala ake ndi kulifunditsa muli m'njira. Magalimoto ambiri amachita zimenezi okha mukasankha tchajayo m'mapu a galimoto yeniyeniyo. Apa m'pamene anthu ambiri amaphonya: akamatsogoleredwa ndi Google Maps kapena Waze ya pafoni kudzera pa Android Auto kapena CarPlay, galimoto sidziwa kuti ikupita kukatchaja, ndiye sikonzekera. Sankhani tchajayo kudakali mphindi 30 mpaka 45, osati mutatsala makilomita 5. Kufunditsako kumadya mayunitsi angapo, ndipo magalimoto ena amakana kuyamba ngati batire latsika kufika cha m'ma 20 peresenti. Ma Ioniq 5 oyambirira ndi ma ID.4 a zaka zoyambirira analibe njirayi pamene ankatuluka. Ena anailandira pambuyo pake pokonza pulogalamu, ena ayi, ndiye pogula yakale funsani za galimoto imeneyo, osati za mtundu wake.

Zimene zinachitika ku Chicago pakati pa January 2024, kutazizira kupitirira -18°C, zikuphunzitsa zambiri. Anthu anafika pa matchaja ndi mabatire otsika komanso ozizira, galimoto iliyonse n'kumatenga nthawi yaitali isanayambe kulandira magetsi, mizere n'kukula, ena mabatire n'kuwathera ali pamzere. Amene anavutika kwambiri ndi amene ankadalira matchaja a pamsewu okha. Kukalosedwa kuti kuzizira koopsa, dzazani dzulo lake, ndipo musalole batire kugona panja lili pansi pa 20 peresenti.

Mukafika pa 80 peresenti, nyamukani. Kuchoka pamenepo kufika 100 kumatenga nthawi yofanana ndi yonse imene mwakhala kale.

Matayala ndi msewu woterera

Galimoto ya matani awiri ikayamba kutsetsereka, imatsetsereka ngati matani awiri. Kukhala ndi mota ziwiri zoyendetsa matayala onse anayi kumathandiza ponyamuka ndi pokwera chitunda, koma poima sikuthandiza chilichonse. Chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala. Galimoto yoyendera matayala akumbuyo okha, itavala matayala abwino a m'chisanu, imaima msanga kuposa ya mota ziwiri yovala a m'chilimwe. Mphira wa tayala la m'chilimwe umayamba kuuma kukatsika pansi pa 7°C.

Yang'anani chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi chipale m'kati, chodindidwa m'mbali mwa tayala. Ku Quebec, m'dziko la Canada, matayala otere ndi lamulo kuyambira 1 December mpaka 15 March. Ku Norway mizere ya tayala iyenera kukhala yozama mamilimita 3 m'nyengo yozizira, ndipo matayala a misomali amaloledwa nyengo yake, ngakhale ku Oslo, Bergen ndi Trondheim amawalipiritsa. Ku Britain lamulo lotere kulibe, koma kumpoto kwa England ndi ku Scotland matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri chija ndi nzeru. Gulani anayi, osati awiri, ndipo onetsetsani kuti nambala ya kulemera kumene tayala lingasenze ikufika pa imene yalembedwa pa chitseko cha dalaivala. Ngati galimoto ikulola malimu a mainchesi 19 m'malo mwa 20 kapena 21, tengani aang'onowo: amadya magetsi ochepa, matayala ake ndi otsika mtengo, ndipo amapirira maenje.

Mpweya wa m'tayala umatsika pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 aliwonse. Tayala lopopedwa 2.6 mu October pa 15°C lidzakhala cha pa 2.3 pa -10°C. Yezani mwezi uliwonse, m'mawa musanayende.

Pa madzi oundana chepetsani regen. Mukachotsa phazi mwadzidzidzi regen ili yamphamvu, zimakhala ngati mwaponda buleki, ndipo pa galimoto ya mota yakumbuyo ndi matayala akumbuyo amene akugwira. Makompyuta amalowererapo, koma kanthawi kochepako n'kokwanira kugwedeza galimoto pa kona. Pa Hyundai ndi Kia tsitsani ndi timapale ta kuseri kwa chiwongolero, pa Volkswagen ndi Skoda yendani pa giya ya D osati B, ndipo ngati pali Snow mode, iyatseni. Ponyamukanso pondani mofatsa, chifukwa mota yamagetsi imapereka mphamvu yake yonse nthawi yomweyo.

Tizinthu timene timagwetsa ulesi

Chimene chimalepheretsa magalimoto amagetsi ambiri kudzuka m'mawa si batire lalikulu, koma kabatire ka 12 V, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse. Kameneka n'kamene kamatsegula zitseko, kudzutsa makompyuta ndi kulumikiza batire lalikulu. Kakafa, galimoto yafa, ngakhale lalikulu lili pa 90 peresenti. Popeza kulibe injini yolira movutika kuti ikuchenjezeni, kamafa mosapereka chizindikiro. Kakapitirira zaka zitatu, kayezetseni chisanu chisanayambe. Phunzirani pamene kali, mmene mungatsegulire chitseko ndi kiyi wachitsulo, ndipo kabokosi kodzutsira batire musakasunge m'buti imene imatseguka ndi magetsi okha.

Mabuleki nawo amavutika chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Regen imachita ntchito yambiri, ndiye madisiki amakhala onyowa ndi madzi a mchere wothiridwa m'misewu, osatenthedwa, n'kuchita dzimbiri, mapadi n'kukanirira. Kamodzi pa sabata, pamsewu wouma wopanda galimoto kumbuyo, tsitsani regen n'kuponda buleki mwamphamvu kangapo. Tesla imalangiza kuti kumadera othira mchere mabuleki azitsukidwa ndi kupakidwa girizi chaka chilichonse kapena pa makilomita 20,000, ndipo langizoli ndi labwino pa mtundu uliwonse. Tsukaninso kunsi kwa galimoto.

Zogwirira zitseko zobisika zimaundana, chimodzimodzi magalasi opanda felemu amene amayenera kutsika pang'ono chitseko chikamatseguka. Pakani silicone pa mphira wa zitseko nyengo isanayambe, ndipo funditsani galimoto musanakoke chilichonse. Pulagi ikakanirira pobowo potchajira, musathirepo madzi otentha ndipo musaikoke mwankhanza. Yatsani hita, dikirani, tsegulani ndi kutseka loko kangapo. Zikakanika, pali kachingwe kotsegulira pamanja, kawirikawiri m'buti mbali ya pobowopo, ndipo malo ake enieni ali m'buku la galimoto. Kutchaja pa mvula kapena pa chipale kulibe vuto, bola muchotse chipale m'kamwa mwa pulagi musanailowetse, ndipo mukamaliza muikoleke yoyang'ana pansi.

Popeza kutsogolo kulibe injini yotentha ndipo nyali za LED sizitentha, chipale chimamatirira pa boneti, pa nyali, pa makamera ndi pa radar. Zida zothandiza kuyendetsa zikazima zokha pakati pa ulendo, kawirikawiri chifukwa chake n'chimenechi. Imani pabwino, pukutani. Madzi otsukira galasi akhale opirira -20°C kapena kuposa, chifukwa palibe chowasungunula akaundana m'mapaipi.

Anthu ambiri amaopa kutsekeredwa pamsewu ndi chipale usiku wonse. Masamu ake ndi olimbikitsa. Galimoto imene yafunda kale, itangoima, imadya makilowati 1 mpaka 2 kuti isunge kutentha. Muli ndi theka la batire la 77, ndiye mayunitsi 38, mukhoza kukhala mofunda maola pafupifupi 20, ndipo kuposa pamenepo mukatsitsa hita n'kudalira mipando. Palibenso utsi wa injini umene umapha anthu paipi ikatsekedwa ndi chipale. Zimenezi zimadalira kuti simunalowe m'mapiri muli pa 15 peresenti. M'buti muzikhala bulangete, fosholo yaing'ono, chokandira magalasi, tochi, magolovesi, madzi akumwa ndi chingwe chanu chotchajira. Ngati pafunika kukokedwa, itanani lole yonyamula galimoto yonse. Matayala olumikizidwa ku mota akamazungulira pokoka, motayo imapanga magetsi amene angawononge zida zake, ndipo opanga ambiri amaletsa kukoka motero.

Pogula yakale, pemphani pepala loonetsa thanzi la batire, ndipo onani zaka ndi makilomita otsala pa chitsimikizo chake, chimene kwa opanga ambiri ndi zaka 8 kapena makilomita 160,000, batire likatsika pansi pa 70 peresenti ya mphamvu yake. Tsimikizani za heat pump ndi za kufunditsa batire pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi kwa dila wa mtunduwo, osati mawu a wogulitsa. Ngati n'kotheka, kaiyeseni m'mawa itagona panja: yatsani hita, muone ngati mpweya wotentha ukubwera m'mphindi ziwiri kapena zitatu, yendani nayo ku tchaja yothamanga mutaisankha m'mapu ake, muone makilowati amene ikulandira, ndipo suzumirani madisiki akumbuyo ngati sanadyeke ndi dzimbiri.